Uthenga woti laputopu yanu yadzadza mavairasi uja ndi bodza

Kukuyenda nkhani pakati pa ma students a ku Chanco komanso m'mashopu oberna mafilimu ku Chinamwali, eti kompyuta ikatulutsa chiwindo chofiira cholira ngati sairini kuti muli mavairasi 5, ndiye kuti zavuta basi, mudawunilode antivayirasi akukuuzaniyo kapena mufomate. Ayi ndithu abale.

Webusaiti siingasikane mafayilo a m'kompyuta mwanu, chimene mukuonacho ndi chithunzi chabe chongofuna kukuopsezani, ndipo Microsoft siika nambala ya foni pa mauthenga ake ochenjeza. Mukadina "Scan now" mpamene mumalowetsa nokha pulogalamu yoipayo, kenako izikupemphani ndalama kuti "ikuchotsereni" mavairasi oti kulibe. Ena mwa akubawa amaika nambala ya foni pawindopo, mukawaimbira amati ikani AnyDesk (pulogalamu yolola munthu kuyendetsa kompyuta yanu ali kutali), apo ndiye mwawapatsa makiyi a nyumba.

Musadine kalikonse pawindopo, ngakhale ka X kaja nthawi zina nkabodza. Dinani Ctrl+Shift+Esc, patseguka Task Manager (mndandanda wa mapulogalamu amene akugwira ntchito), mmenemo mutseke Chrome yonse, poitsegulanso musalole Restore (kubwezeretsa mapeji amene anali otsegula). Ngati timauthenga tikungobwerabe pakona ya sikirini, ndiye kuti tsiku lina munadina Allow posaka filimu yaulere (tikudziwana), pitani ku Settings za Chrome, pa Notifications, mukachotse webusaiti iliyonse yomwe simukuidziwa.

Ngati munaika kale pulogalamuyo, zimitsani data, ichotseni ku Apps mu Settings za Windows, muonenso ma extension (timapulogalamu towonjezera mu Chrome). Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi antivayirasi yaulere ya Microsoft Defender, thamangitsani Offline scan, imaristata kompyuta nkusaka Windows isanadzuke bwinobwino. Mapasiwedi a imelo ndi kubanki musinthire pa foni.