Kabokosi kodikira munthu sikasamuka kokha

M'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi, pempho likalowa limayendetsedwa ndi pulogalamu. Kompyuta imachita mbali yake, kenako imaima kudikira kuti munthu avomereze kapena akane. Malo oimawo ndi kabokosi kotchedwa user task pa chithunzi cha BPMN, njira yojambulira kayendedwe ka ntchito yomwe bungwe loika miyezo ya mapulogalamu la OMG (Object Management Group) linatulutsa mtundu wake wa 2.0 mu 2011.

Kabokosi kameneka ndi komwe kakuvutitsa ambiri amene akuchoka pa Camunda 7 kupita pa Camunda 8, mitundu iwiri ya pulogalamu yoyendetsa ntchito motsatira zithunzi za BPMN. Kampani ya ku Berlin yopanga pulogalamuyi, yomwenso dzina lake ndi Camunda, inatulutsa mtundu wa 8 mu 2022 pa injini ina (gawo la pulogalamu loyendetsa ntchitozo), Zeebe, ndipo mtundu waulere wa 7 inasiya kuukonza mu Okutobala 2025. Chithunzi chimaoneka chomwecho uku ndi uko, n'chifukwa chake anthu amanyengeka. Zam'kati ndi zina.

Lamulo losankha mwini ntchito, monga lakuti ngongole ikakula ipite kwa manijala, linkalembedwa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa JUEL; tsopano liyenera kulembedwanso m'china chotchedwa FEEL. Mafomu akale a HTML sagwira. Timapulogalamu tolembedwa m'chinenero cha Java tomwe tinkadzuka ntchito ikangopatsidwa munthu, mwina kutumiza imelo yomukumbutsa, tiyenera kumangidwa mwatsopano kunja kwa injini. Kamodzi kakaiwalika, kompyuta sidandaula. Ntchito imangokhala pamndandanda popanda woitola, mwini pempho n'kumadikira yankho lomwe palibe akulikonza. Ichi ndicho chimandiopsa kuposa pulogalamu yokanika poyera, chifukwa yokanika poyera imakonzedwa tsiku lomwelo.

Choncho musanakhudze chithunzi, kakhaleni ndi makalaliki. Afunseni: mnzanu akapita kutchuthi, ntchito zake amatenga ndani? Tsiku lomaliza likadutsa chimachitika n'chiyani? Kodi munthu mmodzi angathe kulemba pempho n'kulivomerezanso yekha? Mayankho ambiri simuwapeza pachithunzi, ali m'mitu mwawo, ndipo ena anabisala mu Java yolembedwa ndi munthu amene anachoka kalekale.

Palinso ntchito zomwe tsiku losamuka lidzazipeza zili pakati. Pokhapokha ngati zimatenga miyezi yambiri, ine ndimalangiza kuti zithere m'pulogalamu yakale, zatsopano zokha ziziyambira m'yatsopano. Makalaliki adzatsegula mindandanda iwiri kwa kanthawi, koma mbiri ya amene anavomereza chiyani idzakhala pamalo amodzi oyendera mabuku akabwera.