Chipolopolo kulowa mu mfuti ya agogo si umboni woti ndi chake

"Koma chikulowa bwinobwino." Ine ndine mmisiri wokonza mfuti, ndipo mawu amenewa andikola. Amabwera chaka ndi chaka September akamayandikira, alenje kuno ku England akamapukuta mfuti pokonzekera abakha ndi mbalame za m'tchire, monga partridge yofanana ndi nkhwali ija, ndi pheasant imene nyengo yake imatsegulidwa pa 1 October. Munthu watenga mfuti ya mipope iwiri imene agogo ake anagula nkhondo yoyamba yapadziko lonse isanayambe, wagula zipolopolo zamakono, waponyamo chimodzi, mfuti yatsekeka, basi mtima wake wakhala pansi.

Chilowa ndithu. Kutalika kolembedwa pa chipolopolo ndi kwa chipolopolo chowomba kale, kukamwa kwake kutatambasuka. Mfuti zambiri zakale za ku Britain, kaya ndi Purdey, Westley Richards, Greener kapena zopanda dzina za ku Birmingham, malo ake olowera chipolopolo ndi a mamilimita 65. Chipolopolo cha 70 chisanawombe chimakwana pamenepo osavuta. Chikaphulika, kukamwa kwake kumatambasukira pamene mpope wayamba kupanikiza. Choopsa kwambiri n'choti zipolopolo za 70 zambiri zimadzazidwa mwamphamvu kuposa mlingo umene mfutiyo inayesedwera.

Mlingowo suli m'mutu mwanga ayi, uli pa mfuti pomwepo. Chotsani mipope, muitembenuze, muone zidindo kunsi kwake. Anazidinda ndi a nyumba zoyesa mfuti, ya ku London kapena ya ku Birmingham yomwe inakhazikitsidwa mu 1813. Ngati palibe chidindo cha nitro, chosonyeza kuti inayesedwera onga wamakono wopanda utsi, mfutiyo inayesedwera onga wakuda wautsi uja basi. Mipope ya Damascus, yamaluwamaluwa yokongola ija, inapangidwa popota timizere ta chitsulo n'kutisula pamodzi. Ilipo yambiri yolimba imene inayesedwanso n'kupatsidwa chidindo cha nitro, ndipo sindiinyoza. Koma dzimbiri likalowa m'misoko yake, diso silingaone.

Pa abakha nkhani imakula. Abakha amameza tinjere ta mtovu ta m'zipolopolo togwera m'matope poyesa timiyala togayira chakudya m'nthutumba, n'kufa ndi poizoni. N'chifukwa chake America inaletsa mtovu posaka mbalame za m'madzi mu 1991, England n'kutsatira mu 1999. Alenje ambiri anathamangira ku tinjere ta chitsulo chifukwa n'totchipa. Mtovu ndi wofewa, umagonja ukafika kukamwa kopanikiza kwa mpope, kumene timati choke. Chitsulo sichigonja. Wogonja ndi mpope, umatupa chapafupi ndi kukamwako. Zipolopolo zachitsulo zamphamvu zimafuna mfuti ya chidindo cha duwa la fleur-de-lys, ndipo ya agogo ilibe. Gulani za bismuth, chitsulo china chofewa cholowa m'malo mwa mtovu. N'zodula, inde, koma ndi kangati pa chaka pamene mumaima m'dambo?

Amene amandisowetsa tulo mpaka pano ndi bambo ena amene anabwera ndi mfuti ya tambala kunja, ija ya tinyundo towombera toonekera pamwamba, yokongola zedi, mkati mwa mipope mukunyezimira ngati galasi. Kunyezimirako n'kumene kunandidetsa nkhawa. Mfuti ya zaka zoposa 100 yopanda kachipsera nkamodzi komwe mkati, ndiye kuti wina anaipala. Zinalidi choncho: mnzawo "wodziwa za zitsulo" anapala mkatimo kuchotsa mabowo a dzimbiri. Nditayeza, khoma la mpope wakumanzere linali litapyapyala kutsika pa theka la milimita, mlingo umene amisiri ambiri timayamba kukana, ndipo malo opyapyalawo anali pomwe dzanja lamanzere limagwira. Ndinawauza kuti: "Bambo, iyi muipachike pakhoma, kapena tiivale mipope yatsopano ipitenso kukayesedwa." Anaseka, amvekere yakhala ikuwomba chonchi zaka zonsezi, angomaliza nyengo ino yokha, abweranso February. Mpopewo unang'ambika mu December, ndipo zala ziwiri za kumanzere zinapita. Chimene chimandiwawa n'choti ndalama anali nazo. Ankangoona ulesi kukhala masabata angapo opanda mfuti nyengo ili mkati.

Amisiri achinyengo aliponso a mtundu wina. Mfuti ikayamba kugwedera pamene mipope imakumana ndi thupi lake, iwo amatenga hamala ndi chogobera n'kumenya pa ngowe kuti igwire. Imagwiradi, kwa kanthawi. Ena amawotcherera mpope wong'aluka. Ena amafutukula malo a chipolopolo kuchoka pa 65 kufika pa 70 osatumiza mfuti kukayesedwanso, chonsecho zikatero zidindo zakale zija zatha ntchito, ndipo kugulitsa mfuti yotero ku Britain ndi mlandu. Kwathu ku Malawi mfuti zomwezi zilipo, zotsala m'maesiteti ndi m'mabanja, zikuwomba nkhanga ndi atsekwe, ndipo wokonza wake nthawi zina amakhala wowotcherera mageti pamsika. Musamupatse.

Pali kayesedwe kamene alenje amakakonda, kopachika mipope pachala n'kuigogoda kuti amve ngati ikulira bwino. Kamathandiza, koma kamangokuuzani ngati timizere tolumikiza mipope iwiriyo tidakali tomatika. Za kukhuthala kwa khoma sikanena kanthu. Zimenezo zimafuna chida choyezera ndi munthu wodziwa kuwerenga zidindo, ndipo nthawi yabwino yobweretsa mfuti ndi March kapena April, osati kutatsala sabata kuti muyambe uzimba, pamene ife tonse benchi yadzaza ndipo inu muli pa changu choti simungamve "ayi".