Nyota za mmisiri ndi nyota za wolamula: mbiri ya mkangano wa m'magulu ankhondo

M'mabanja a Achewa a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa mumzinda wa Harare, amene makolo awo anachokera ku Nyasaland, usilikali si ntchito yachilendo. Agogo ena anali a Keyala, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, ana awo ena analowa m'gulu lankhondo la Zimbabwe ufulu utabwera mu 1980, ndipo lero alipo adzukulu amene amakonza magalimoto, mawayilesi ndi ndege za asilikali. Adzukuluwa ndiwo amadzutsa funso limene limatalikitsa macheza abale akakumana: kodi munthu amene luso lake ndi la injini kapena la kompyuta ayenera kusiya zida zake n'kuyamba kulamula anzake kuti malipiro ake akwere, kapena amisiri ayenera kukhala ndi maudindo awoawo? Achikulire ambiri amakana za maudindo apaderawo asanamve n'komwe mapeto a funsolo, ndipo kukana kwawoko kuli ndi mbiri yake.

Vuto limayambira pa nyota yeniyeniyo, chifukwa imanyamula zinthu zitatu pakamodzi: mphamvu yolamula, malipiro ndi ulemu. Kopolo amatsogolera kagulu kochepa, sajeni amatsogolera ochulukirapo, ndipo aliyense amalandira molingana ndi udindo wake pa anthu. Pamene nkhondo inali ya mfuti ndi kuyenda pansi, dongosolo limeneli linali lokwanira. Makina atafika, panabadwa msilikali wina amene kufunika kwake sikuyezedwa ndi kuchuluka kwa anthu omumvera. Kumudzi zimenezi sizivuta, pakuti wosula makasu amalemekezedwa popanda kumulonga ufumu, koma gulu lankhondo linazolowera kudziwa munthu poyang'ana pamkono ndi paphewa pake.

Asilikali apamadzi a Britain anakumana nazo msanga, sitima zoyendera nthunzi zitayamba kulowa m'malo mwa zamatanga. Mainjiniya anapatsidwa maudindo awo kuyambira 1837, koma akuluakulu ankawaona ngati anthu a malasha ndi girisi, osayenera kulamula sitima. Kuyambira 1863 injiniya ankavala kansalu kapepo pakati pa mizere yagolide ya pamkono wa jekete, kuti aliyense adziwe kuti ameneyu ndi wa kuinjini. Mu 1902 boma linaganiza zophunzitsira pamodzi anyamata onse ofuna kukhala maofesala, mu 1925 linabweza mainjiniya kumalo awo akale, ndipo tinsalu tosiyanitsato tinadzachotsedwa kwa ambiri mu 1956. Zaka zoposa 100 zinatha akulimbana ndi funso limodzi lomweli.

Amene anayesa kwenikweni kupatula amisiri ndi asilikali apamtunda a America, ndipo nkhani yawo ndiyo iyenera kuonedwa mofatsa. Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, anakhazikitsa maudindo atatu a Technician. Makaniko, wophika kapena wa wayilesi ankavala mizere yofanana ndi ya kopolo kapena sajeni, koma pansi pake pali chilembo cha T, ndipo ankalandira malipiro a udindowo. Anthu ankamuitana kuti kopolo kapena sajeni, motero m'kampu munadzaza anthu a mizere, ndipo masajeni a kutsogolo kwa nkhondo anadandaula kuti ulemu wawo wasukuluka. Maudindowa anathetsedwa mu 1948. Mu 1955 anabwereranso ndi dzina la Specialist, tsopano ali ndi chizindikiro chawochawo cha chiwombankhanga, ndipo mu 1958 anatalikitsidwa mpaka Specialist 9. Apa ndi pamene panaonekera chilema cha dongosololi. Kopolo, ngakhale wongokwezedwa kumene, anali ndi mphamvu yolamula Specialist wa zaka zambiri pantchito amene ankalandira malipiro oposa ake, ndipo ankatha kumutuma ntchito za m'kampu pamodzi ndi anyamata atsopano. Mbali inayo, amisiri ambiri ankapezeka akuyang'anira anzawo m'galaja kapena m'chipatala popanda mizere yowapatsa mphamvuyo. Maudindo awiri apamwamba anathetsedwa m'zaka za m'ma 1960, Specialist 7 mu 1978, ndipo Specialist 5 ndi 6 mu 1985. Lero watsala mmodzi yekha, wa malipiro ofanana ndi a kopolo, ndipo katswiri wofuna kukhalabe pa luso lake amafunsira udindo wa warrant officer, umene uli pakati pa masajeni ndi maofesala. Gulu la ndege zankhondo la Britain nalo linayesa zofananazo mu 1951, pomwe amisiri ankavala mizere yozondoka, koma mu 1964 ambiri mwa maudindowo anachotsedwa.

Komabe zimene achikulire athu amakumbukira si za ku America. King's African Rifles, imene makolo ankangoti Keyala, inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ake a ku Nyasaland anali ndi likulu ku Zomba. Kuno, Rhodesian African Rifles inayamba mu 1940. Pa nkhondo yachiwiri anthu akuda anaphunzitsidwa kuyendetsa malole, kutumiza mauthenga pa wayilesi ndi kuthandiza ovulala, ndipo anagwira ntchito zimenezi mpaka ku Burma. Koma kukwera kwawo kunali ndi malire oikidwa ndi khungu. Munthu wakuda wodziwa ntchito ankatha kufika pa usajeni meja, kapena pa udindo wa Warrant Officer Platoon Commander, umene unkamulola kutsogolera anthu monga lefutenanti popanda kukhala ofesala. Malirewo anakhalapobe m'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, pamene asilikali a ku Nyasaland ankalamulidwa kuchokera mumzinda uno, umene panthawiyo unali Salisbury. Ku Malawi, Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kutsogolera gulu lankhondo mu 1972, pomwe ku Rhodesia anthu akuda oyamba anapatsidwa uofesala mu 1977. Choncho mkulu amene anaona zimenezi akamva zoti pakhale maudindo apadera a anthu ena, amamva kuti wina akufuna kutsekeredwa pansi ndi mawu okoma. Mantha amenewa ndi oyenera kuwalemekeza, chifukwa ndi mmene zinachitikiradi.

Zaka zoyambirira za ufulu zinaphunzitsa china. Mu 1980 magulu omenyera ufulu a ZANLA ndi ZIPRA pamodzi ndi asilikali a Rhodesia anaphatikizidwa mothandizidwa ndi alangizi ochokera ku Britain, ndipo atsogoleri odziwa nkhondo sanasowe. Amene anasowa ndi amisiri, makamaka a ndege, popeza ntchito zimenezi zinali m'manja mwa azungu ndipo ambiri anachoka. Mu July 1982 ndege zingapo zinaphulitsidwa pa bwalo la ndege zankhondo la Thornhill, ku Gweru, kuphatikizapo za mtundu wa Hawk zimene zinali zitangofika kumene kuchokera ku Britain. Zitatero azungu enanso anachoka, ndipo dziko linatembenukira ku Pakistan, kumene kunachokera alangizi ndi amisiri pamodzi ndi Air Marshal Azim Daudpota, amene anatsogolera gulu la ndege kuyambira 1983 mpaka Josiah Tungamirai atatenga udindowo mu 1986. Nyota munthu angapatsidwe tsiku limodzi, koma wokonza injini ya ndege amapangidwa ndi zaka zambiri za maphunziro ndi ntchito ya manja.

Aliyense amene ali ndi mbale wogwira ntchito yotere, kaya ku bwalo la ndege zankhondo la Manyame kapena kwina, amadziwa mmene imakhalira. Ndege isananyamuke, mmisiri amaizungulira ali ndi tochi, kuyang'ana matayala, mapaipi a mafuta ndi timawaya tomangira mabawuti kuti asamasuke. Akamaliza amawerenga masipanala ake onse, chifukwa imodzi yokha yoiwalika mkati ingagwetse ndege, kenako amasaina m'buku la ndegeyo. Woyendetsa, ngakhale akhale wa udindo waukulu chotani, amadalira dzina losainidwalo. Munthu wotereyu akamauzidwa kuti sangakwere pokhapokha asiye zimenezi n'kumakalemba ndandanda ya alonda ndi kuyang'anira perete, gulu limataya mmisiri wabwino popanda chitsimikizo choti lapeza mtsogoleri wabwino. Akakana kukwera, malipiro amaima pamene ana akukula ndipo fizi ikukwera, ndipo makampani a ndege ndi a migodi, a kuno ndi a kunja, amakhala akumudikirira.

N'chifukwa chake ine ndikuona kuti achinyamata akunena zoona, ngakhale kuti njira ya ku America ya 1955 siyo yoyenera kutengera. Inalephera chifukwa inapatsa amisiri ndalama n'kuwamana ulemu, ndiponso inawasiya pansi pa aliyense wovala mizere. Singapore inachita mosiyana mu 2010 pokhazikitsa Military Domain Experts Scheme, ya akatswiri a zomangamanga ndi makina, zachipatala ndi zaukazitape. Maudindo ake anayambira ME1 mpaka ME8, apamwambawo akufanana ndi a maofesala akuluakulu, ndipo katswiri analoledwa kugwira ntchito mpaka atakwanitsa zaka 60 zakubadwa, komanso amatha kutsogolera magulu a ntchito yakeyo. Kusiyana kwake ndi udindo umene agogo athu anapatsidwa n'koonekeratu: munthu amalowamo mwa kufuna kwake, poyesedwa luso lake, ndipo njirayo imafika pamwamba.

Chimene achikulire amafunsa pomaliza n'chakuti, kampu ikaukiridwa usiku, ndani adzalamula pakati pa sajeni wachinyamata ndi katswiri wa imvi. Funsoli lili ndi yankho ngati malamulo alembedwa momveka: pa nkhani ya kumenya nkhondo ndi chitetezo cha kampu amalamula wa mizere ya utsogoleri, pomwe pa nkhani yoti ndege iuluke kapena isauluke, kapena kuti galimoto ituluke m'galaja, mawu omaliza ndi a mmisiri. Madokotala ndi abusa a m'magulu ankhondo akhala akugwira ntchito motero kwa nthawi yaitali, ali ndi nyota ndi malipiro a uofesala koma osatsogolera asilikali pomenya nkhondo, ndipo palibe amene amati gulu lasokonekera chifukwa cha iwo.