Musanatsikire kuchigwa pa Khrisimasi, mverani za mabuleki

Sabata ya Khrisimasi ikafika, msewu wa M1 wochokera ku Blantyre umadzaza ndi galimoto za anthu obwera kudzaona makolo ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ine ndine makaniko, galaja yanga ili m'mbali mwa msewu womwewu kuno kuchigwa, ndipo galimoto zambiri zimene zimandifika chokokedwa masiku amenewa sizikhala zokutha ayi. Zimakhala zabwinobwino, zoti chaka chonse zayenda m'tauni osavutapo. Chimazigwetsa ndi chakuti ulendo wa kuno umafuna zinthu zimene misewu ya ku Limbe ndi ku Ndirande siinazifunepo.

Tiyambire pa mtsetse, chifukwa ndi umene umandisowetsa tulo. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pamene Chikwawa ali cha m'ma 100 okha. Kutsika konseko kumachitika pa makilomita osakwana 50, ndipo kwambiri kuli pa makona aja otsetserekera ku Thabwa. Galimoto ikamatsika, mphamvu yonse ya kulemera kwake iyenera kupita kwinakwake. Mukaponda buleki, mphamvuyo imasanduka kutentha pa mapadi ndi pa madisiki. M'tauni mumaponda, n'kusiya, zitsulo n'kuzizira. Pa mtsetse wautali phazi likakhazikika pa buleki, zitsulozo sizipeza mpata wopuma, ndipo mapadi akapsa amayamba kutsetsereka m'malo mogwira. Mukuponda mwamphamvu, phazi likumva kulimba, koma galimoto ikupitabe.

Palinso vuto lachiwiri, lobisika kuposa loyambalo. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho pang'onopang'ono. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230, koma akayamwa madzi angathe kuwira pa madigiri 155 okha. Akawira mumakhala nthunzi m'mapaipi, ndipo nthunzi imafinyika, siikankha mapadi. Apa phazi limangomira mpaka pansi popanda chogwira. Galimoto ikaima n'kuzizira, buleki imabwerera mwakale, mwini wake n'kuyesa kuti zangochitika. Sizinangochitika, ndipo pa mtsetse wina zidzabweranso. Opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, koma anthu ambiri amasamala oyilo wa injini yekha, mafuta a mabuleki n'kukhala omwe galimoto inabwera nawo kuchokera ku Japan. Mukapita ku sevisi ulendo usanafike, auzeni amakaniko anu asinthe mafutawa ndipo akuonetseni mapadi ndi maso anu. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mbuzi imene mukukagula kumudzi.

Tsono katsikidwe kake ndi aka: galimoto itsike ndi giya, buleki ingothandizira. Mtsetse usanayambe, lowetsani giya yachitatu, pamene patsetsereka kwambiri yachiwiri. Injini idzalira mokweza, musaope, ndiyo ikugwira galimoto. Ngati yanu ndi otomatiki, chotsani pa D muike pa L, 2, S kapena B, malinga ndi zimene zalembedwa pa galimoto yanuyo. Buleki muziponda motsimikiza kona isanafike, liwiro likatsika muisiye izizire. Ndipo chonde, bambo anga, lekani zochotsa giya kuti musunge mafuta. Galimoto zamasiku ano zikamatsika zili m'giya, phazi lili kunja kwa moto, zimamwa mafuta ochepa zedi, mwinanso osamwa n'komwe. Wochotsa giya sapulumutsa kanthu, wangotaya chomugwira n'kusiyira mapadi ntchito yonse. Mukamva fungo ngati la chinthu chopserera, kapena phazi layamba kumira, pezani malo otakasuka muime, muike mwala kutayala, mudikire. Musathire madzi pa madisiki otentha, amapindika.

Katundu amawonjezera zonsezi. Ndikudziwa kuti sitipita kwa makolo manja lendelende: matumba a ufa ndi mpunga, makreti a zakumwa, ana pamiyendo, m'bale wopezeka pasiteji amene simungamusiye. Koma Sienta imene yanyamula anthu khumi ndi matumba kumbuyo ili ndi mabuleki omwe aja anapangidwira anthu asanu ndi awiri. Kulemera kukachuluka, kutenthanso kumachuluka. Katundu wina tumizani pa lole, akupezani.

Mukadutsa pa Thabwa n'kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, msewu umakhala wa see, kudzera pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma la Nsanje. Apa mtima umakhala pansi, phazi n'kulemera pa moto. Koma phula la kuno masana limatentha koti simungaponde opanda nsapato, ndipo tayala lokhala ndi mpweya wochepa limapindikapindika m'mbali likamathamanga, n'kudzitenthetsa lokha mpaka kuphulika. Ena amachotsako mpweya poopa kutentha. Kumeneko ndi kuitana ngozi. Yezani mpweya m'mawa matayala asanayende, motsatira manambala olembedwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, osaiwala sipeya. Onaninso zaka za tayala. Pambali pake pali manambala anayi: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala akaunjika ambiri amaoneka a mano abwino pamene mphira wake unauma kalekale, ndipo ndi amene amasweka pakati pa Nchalo ndi Ngabu.

Msewuwunso si wa galimoto zokha. Kuno njinga ndiye miyendo ya anthu, akabaza amanyamula munthu ndi thumba lake, ngolo zimayenda m'mbali, ng'ombe ndi mbuzi zimaoloka pamene zafunira. Madzulo a Khrisimasi onjezanipo anthu amene amwa. Njinga zambiri zilibe nyale, ndiye konzani ulendo woti mufike kusanade. Mafuta thirani okwanira musananyamuke, pakuti si nthawi zonse mungawapeze pamene mukuwayembekezera.

Tsopano za madzi. Disembala ndi dzinja, ndipo chimene alendo sachidziwa ndi chakuti madzi a kuchigwa sadikira mvula ya kuchigwa. Mvula ikagwa kumapiri a Thyolo, Mulanje, Mwanza kapena Neno, yonse imatsikira kuno kudzera m'mitsinje ngati Ruo, Mwanza ndi ina yaing'ono imene miyezi yambiri imakhala mchenga wokhawokha. Dzuwa lingakhale likuswa mtengo pamene muli, mtsinje n'kudzaza pa kanthawi kochepa. Tinaziona mu Januwale 2015, tinazionanso ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anadula msewu wa M1 ku Chikwawa n'kuononga malo opangira magetsi a Kapichira, kenako Freddy mu Malichi 2023. Zazikuluzo zimakonda kubwera chaka chikatembenuka, koma mtsinje umodzi wosefukira pa Disembala ndi wokwanira kukokolola banja.

Madzi othamanga ofika masentimita 30, osafika n'komwe m'mawondo, angathe kuyandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo matayala akasiya kugwira pansi chiongolero chilibenso ntchito. Komanso madzi amatope sakuonetsani ngati msewu ulipo pansi pake kapena wadyeka. Ngakhale mutaoloka, injini ikakoka madzi polowera mpweya imaima nthawi yomweyo ndipo zitsulo zam'kati zimapindika, poti madzi safinyika. Ikazimira m'madzi musayese kuilizanso. Kuliza kumeneko ndi kumene kumamaliza injini. Pamalo otere mudzapeza anyamata okuuzani kuti lole yangooloka kumene. Lole ndi yaitali ndiponso yolemera, yanu si choncho. Mitsinje yaing'onoyi imaphwa msanga monga imadzazira, choncho khalani pamthunzi mudikire. Amene mukupita tsidya la kum'mawa kwa Shire, njira yokhotera pa Thabwa kulowera ku Masenjere ndi ku Muona, imbirani foni abale m'mawa wa tsiku lomwelo akuuzeni mmene mitsinje yagonera, ndipo mverani uthenga wa a zanyengo pa wailesi. Mukasiya phula kumadera a Ngabu, kumbukirani dothi la makande: likauma ndi lolimba, likanyowa limamata matayala mpaka galimoto kukhala pamimba.

Sindikunena izi kuti musabwere. Bwerani, ndipo ana muwaonetse kwawo. Ambiri obadwira m'tauni sadziwa kuti chigwa chino chili ndi nkhalango zosungirako nyama zakutchire: Lengwe, kufupi ndi Nchalo, kumene kuli nyama zotchedwa nyala, ndi Majete, imene bungwe la African Parks lakhala likuisamala kuyambira 2003 ndipo tsopano muli njovu, zipembere ndi mikango. Ingofunsiranitu za misewu yam'katimo, chifukwa mvula imatseka ina. Ana omwewo muwasamale pa zinthu ziwiri. Musawasiye m'galimoto yotseka ngakhale mukungotsika kukagula nyama yowotcha, chifukwa kuno kutentha kumapitirira madigiri 35 masiku ambiri ndipo m'galimoto yoima kumaposa pamenepo pa mphindi zochepa. Chachiwiri, tengani masikito. Udzudzu wa m'dzinja kuno ndi wambiri, ndipo mwana akatentha thupi ngakhale patatha sabata kapena ziwiri mutabwerera, akayezedwe malungo tsiku lomwelo.

Pobwerera, mtsetse uja wasanduka chitunda, ndipo ntchito yachoka kwa mabuleki yapita kwa injini. Galimoto yalemeranso ndi nkhuku, nsomba zouma ndi zonse zimene agogo akupatsani, ikukwera pang'onopang'ono, mphepo yolowa pa rediyeta ndi yochepa komanso yotentha. Apa ndi pamene paipi yofooka, chivundikiro chotha cha rediyeta kapena fani yosazungulira zimadziulula. Onani zimenezi musananyamuke, ndipo mu rediyeta muzikhala madzi apadera oziziritsa injini otchedwa coolant, osati madzi a pamjigo, chifukwa mijigo yambiri kuno ili ndi madzi amchere amene amadya rediyeta m'kati. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, zimitsani AC pokwera, gwiritsani giya yotsika kuti injini isabanike, diso lili pa geji. Muvi ukayandikira pofiira, imani pamalo oonekera bwino, osati pakona. Ngati palibe madzi akutayika ndipo fani ikuzungulira, isiyeni injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo. Ngati mukuona nthunzi, izimitseni. Chivundikiro cha rediyeta musachikhudze mpaka patapita theka la ola kapena kuposa, paipi yapamwamba itazizira moti mungathe kuigwira ndi dzanja, chifukwa madzi am'katimo amakhala opanikizika ndipo amatumphukira kumaso. Mukatsegula, gwirani ndi nsanza yokhuthala, potokolani pang'ono mpweya uyambe watuluka, ndipo pothira madzi thirani pang'onopang'ono.