Mmene nsomba ya trout inakwerera phiri la Mulanje

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo amtengo wapatali padziko lonse, potengera ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalipatsa ngati malo a mizimu. Nkhaniyi inafika mkangano wa migodi uli mkati. Miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, ya pa chidikha cha Lichenya pamwamba pa phirili inadziwika kale mu 1924, ndipo kuyambira pamenepo maganizo oikumba amazima n'kuyakanso. Anthu akamatsutsana za phirili amatchula mkungudza, madzi a Likhubula amene mapaipi amapititsa ku Blantyre, ndi ntchito za achinyamata. Nsomba ya trout, imene inathiridwa m'mitsinje ya pamwamba nthawi ya atsamunda, saitchula kawirikawiri. Komatu funso la lero, lakuti madzi a phirili mwini wake ndani, linayamba kuyankhidwa mwakachetechete nthawi ya nsomba imeneyi.

Trout yamawangamawanga, ya mzere wofiirira m'nthiti, kwawo ndi mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America. Zolemba za FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, zimati inafika kuno ku Malawi mu 1906, ndipo imene imatchulidwa poyamba ndi mitsinje ya pa phiri la Zomba, makamaka Mulunguzi. Chaka chimenecho dzikoli linali lisanatchedwe n'komwe Nyasaland, dzina limene linabwera mu 1907. Sizinali zathu zokha. Ku South Africa malo oswetsera mazira a Jonkershoek anali atayamba kale m'zaka za m'ma 1890, ndipo ku Kenya trout inathiridwa mumtsinje wa Gura mu 1905. Paliponse pamene Angelezi anapeza phiri lozizira ndi mtsinje wa miyala, ankafuna kuwedza monga kwawo. Cholinga sichinali ndiwo za anthu, ndipo zolembazo sizibisa: nsombayi inabwera kudzasangalatsa owedza.

Nsomba yamoyo sikanapirira ulendowo, choncho chimene chinkayenda ndi mazira. Dzira la trout n'lalikulu ngati mamilimita 4 kapena 5. Likangoikiridwa silifuna kugwedezeka, koma pakapita milungu iwiri ndi theka m'madzi a madigiri 10 mumaoneka timadontho tiwiri takuda, ndiwo maso a kamwana ka nsomba, ndipo pamenepo limalimba moti likhoza kunyamulidwa. Ankawayala m'timabokosi tafulati pa ndere zonyowa, n'kusanjikiza timabokosito, pamwamba n'kuika ayezi woti azisungunuka pang'onopang'ono madzi ake akudonthera pansi. Kuzizira kumachedwetsa kuswa. Ayezi akatha panjira, mazira amaswa m'bokosi kapena kuvunda, ndipo ndalama zonse zapita. Tikumbuke njira ya katundu masiku amenewo: sitima ya panyanja mpaka ku Chinde, sitima ya mumtsinje kukwera Zambezi ndi Shire kudutsa m'chigwa chotentha kwambiri, kenako pamitu pa amtengatenga, poti njanji inafika ku Blantyre mu 1908.

Akafika, mazira ankaikidwa m'zomwera zamatabwa zodutsa madzi osalekeza, pamthunzi, chifukwa dzuwa limawapha. Dzira lakufa limayera, ndipo likasiyidwa limamera nkhungu imene imagwira anzake, motero tsiku lililonse munthu ankayenera kuchotsa oyerawo ndi nthenga. Pa madigiri 10 amaswa patatha masiku 30 mpaka 35 chiikiridwire. Tiana timakhala milungu iwiri kapena itatu tikudya kathumba ka pamimba pake tisanayambe kusaka tokha.

Mulanje anali wokopa pa chifukwa chimodzi, kuzizira. Trout imasangalala m'madzi a madigiri 10 mpaka 16, imavutika akapitirira 20, ndipo pofika 25 imafa, chifukwa madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Kumunsi, m'minda ya tiyi ya ku Lauderdale kapena ku Lujeri, mitsinje imafunda mu Okutobala ndi Novembala. Koma zidikha za pamwamba monga Lichenya, Chambe ndi Thuchila zili pa mamita pafupifupi 1,800 mpaka 2,000, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene wakwera. Onjezani chiperoni cha mu Juni ndi Julaye ndi nkhalango za m'makwawa zophimba madzi, mupeza malo amene nsomba ya ku America ingaikire mazira.

Za kuthiridwa kwa trout pa Mulanje zolemba n'zowerengeka poyerekeza ndi za ku Zomba, ndipo zimene zilipo zinachokera kwa owedza eni ake ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Zimakamba za maiwe abwino ndi kukula kwa nsomba. Chimodzi chokha sichifuna umboni wa pepala: pa Mulanje palibe msewu wa galimoto wofika pamwamba. Chitini chilichonse cha tiana ta nsomba chinakwera pamutu pa munthu, ulendo wa maola anayi kapena asanu, madzi akusinthidwa pa timitsinje ta panjira kuti asafunde. Ambiri mwa ogwira ntchito m'dera lino nthawi imeneyo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, okhala m'maesiteti pansi pa thangata. Maina a onyamulawo sanalembedwe.

Chimene chinakhota nkhani yonse, mwa kuona kwanga, si kubwera kwa nsombayi koma malamulo amene anaitsatira. Mu 1927 phirili linalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo kulowamo kukatenga kanthu kunayamba kufuna chilolezo. Pamwamba pa icho panabwera mwambo wa madzi a trout, womwe unagwiranso ntchito ku Zomba ndi ku Nyika: ukhale ndi laisensi, usawedze nyengo yoikira mazira, ndipo nyambo ikhale ya nthenga yokha. Nyongolotsi ayi, mono ayi, ukonde ayi. Lamulo lotere silinafunike kutchula mtundu wa munthu. Zipangizo zokha zinkasankha wowedza.

Kuti zimveke, tione zimene kuwedza kumeneku kumafuna. Nyambo yake ndi mbedza yaing'ono, ya nambala 12 mpaka 16, yomangidwa ulusi, ubweya ndi nthenga kuti ifanane ndi kachilombo ka mumtsinje. Ilipo youma, yoyandama pamwamba, imene amaizengereza nthenga ya pakhosi pa tambala kuti iime pamadzi. Iliponso yomira, yokulungidwa ndi kawaya ka kopa, yoyerekeza mphutsi zokhala pansi pa miyala, ndipo iyi ndiyo imagwira nsomba zambiri chifukwa trout imadya kwambiri pansi pa madzi. Popeza nyamboyi ilibe kulemera, chimene chimaponyedwa ndi chingwe. Chingwecho n'chokhuthala dala, ndipo pa timitsinje ta m'phiri chimayenera kukhala cha nambala 3 kapena 4, pa ndodo yofewa ya mamita 2.1 mpaka 2.4. Yaitali kuposa apo imakola m'nthambi. Kumapeto kwa chingwe amalumikiza ulusi woonekera wa mamita 2.7 umene umanka nuchepa mpaka mamilimita 0.15 pomangira mbedza. Masiku a atsamunda ndodo zinali za nsungwi yong'ambidwa n'kumatidwanso, zingwe zinali za silika, ndipo zonse zinkaitanitsidwa kunja.

Wowedza amayamba kumunsi kwa dziwe n'kumakwera, chifukwa trout imaima itayang'ana kumene madzi akuchokera, ndiye kumbuyo kwake siiona. Amayenda chowerama, atavala zosawala, dzuwa lisaponye chithunzithunzi chake pamadzi. Poponya amakweza ndodo msanga n'kuiimitsa itangodutsa pang'ono pamutu, amadikira chingwe chiwongoke kumbuyo, kenako amaikankhira kutsogolo n'kuiimitsanso. Wofulumira kubweza chingwe chisanawongoke amamva kulira ngati chikwapu, ndipo nthawi zambiri nyambo imakhala itaduka. Pamene kumbuyo kuli mitengo, chingwe amachigudubuza pamadzi osachikweza. Mamita 5 mpaka 8 ndi okwanira. Nyambo igwe pamwamba pa malo amene nsomba yaima, pamene madzi othamanga akumana ndi odekha, kuseri kwa mwala kapena pansi pa gombe lokumbika, ndipo itsike ndi liwiro la madziwo.

Cholakwika chachikulu chili pomwepa. Chingwe chikagona pa madzi othamanga pamene nyambo ili pa odekha, chimaikoka n'kusiya kamzere pamadzi. Kachilombo keniikeni sikayenda motero, ndipo trout imangoyang'ana n'kubwerera pansi. Mankhwala ake ndi kukweza ndodo kuti chingwe chochuluka chisakhudze madzi, kapena kuchitembenuzira kumtunda chikangogwa. Nsomba ikatenga nyambo youma, dikirani itembenuke mutu kuloza pansi, ndiyeno kwezani ndodo mofatsa. Kutsomphola mwamphamvu kumadula ulusi. Mfundo iliyonse inyowetsedwe ndi malovu isanakokedwe, apo ayi imapsa n'kufooka. Wofuna kubweza nsomba m'madzi aphwanye kaminga ka mbedza ndi pulayala, anyowetse manja asanaigwire, ndipo isakhale kunja kupitirira theka la mphindi. Madzi akafika madigiri 20 ndi bwino kupinda ndodo, chifukwa nsomba yotopetsedwa m'madzi ofunda imafa ngakhale itabwezedwa.

Oikira kumbuyo lamulo la nyambo ya nthenga lija ali ndi mfundo zomveka, ndipo tisazinyoze. Trout imameza nyongolotsi mpaka m'mimba, moti yaing'ono yogwidwa motero siingabwezedwe, pamene mbedza ya nthenga imakola pamlomo. Mtsinje wa m'phiri uli ndi chakudya chochepa, sungasunge nsomba zambiri, ndipo katupe wothiridwa m'dziwe limodzi amapha zonse, zazikulu ndi tiana tomwe. Zonsezi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti munthu wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, amene makolo ake ankakwera kukapereka nsembe ndi kukafuna mankhwala, akapezeka ndi mbedza ya nyongolotsi pa Lichenya ankasanduka wakuba m'madzi amene amatsikira kumunda kwake. Nsomba imene sunaloledwe kuidya n'kovuta kuti uisamale.

Zaka zotsatira tingazidutse mofulumira. Kalabu ya okwera phirili inakhazikitsidwa mu 1952, ndipo nyumba zogona za pamwamba zinathandiza owedza kufika ku maiwe akutali. Boma linatembenukira ku nsomba zodyetsa anthu, ndipo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 malo a ku Domasi anayamba kufalitsa makumba ndi chilunguni m'maiwe a alimi. M'madamu a maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje munalowa nsomba ina yachilendo, black bass, imene imapirira kufunda. Trout inatsala ya anthu ochepa, ndipo malamulo a nsomba ndi a nkhalango a mu 1997, amene anatsegula khomo loti midzi itenge mbali posamalira zachilengedwe, anaipeza ili kale pambali.

Pofika nthawi imeneyi asayansi anali atasintha maganizo. Bungwe la padziko lonse losamalira zachilengedwe la IUCN linaika trout imeneyi pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa malo achilendo. Owedza amayankha kuti pa Mulanje chilengedwe chinaika malire chokha: mathithi amatsekereza nsomba za kumunsi kuti zisakwere, ndipo kufunda kumatsekereza trout kuti isatsike. Yankholi lili ndi mphamvu pa nkhani ya nsomba, ndipo ndi mwayi, chifukwa mtsinje wa Ruo, kumtunda kwa mathithi a Zoa, umasunga mitundu imene inapatukana kalekale ndi ya mu Shire. Kumenekonso ndi kwawo kwa katemba kotchedwa Enteromius choloensis, kamene kanalembedwa mu 1925 n'kupatsidwa dzina la Thyolo. Koma mumtsinje simukhala nsomba zokha. Pa zidikha za Mulanje pali katombolombo kofiira, Oreocnemis phoenix, kamene sikapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo mphutsi zake zimakulira m'madzi. Muli achule a m'mitsinje ndi nkhanu ya Potamonautes mulanjeensis imene inalembedwa mu 2012. Mphutsi, ambululu ndi tinkhanu ndizo chakudya cha trout. Palibe anawerenga zamoyozi nsombayi isanathiridwe, choncho mbali zonse ziwiri zimatsutsana popanda muyeso wa poyambira.

Chodabwitsa n'chakuti adani a trout lero ndi omwenso akuopseza katombolombo kaja ndi mipopi ya kumunsi. Moto wa chaka ndi chaka ndi kudula mitengo m'makwawa zimachotsa mthunzi, madzi n'kufunda. Nthaka yosaphimbidwa imakokolokera mumtsinje, monga zinaonekera moopsa pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene zigumukire zinasintha njira za mitsinje ku Mulanje ndi ku Phalombe. Trout yaikazi imakumba kadzenje ndi mchira m'timiyala ta kumapeto kwa dziwe nyengo yozizira, imaikira mazira pafupifupi 2,000 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, n'kuwakwirira. Mazirawo amapuma ndi madzi odutsa pakati pa timiyalato. Matope akatseka mipata, amafa onse, ngakhale madzi a pamwamba akuoneka oyera.

Bauxite amakumbidwa pochotsa udzu ndi nthaka ya pamwamba pa malo aakulu, ndipo pa Lichenya malo amenewo ndi pomwe timitsinje timayambira. N'chifukwa chake aliyense wofuna kulowa mkanganowu ali ndi umboni m'manja, kaya ndi wa mgodi, wa nkhalango kapena mfumu ya m'tsinde, akanayamba kupima panopa zinthu zitatu zimene owedza trout akhala akuyang'ana kuyambira kale: kutentha kwa madzi masana a mu Novembala, kuchuluka kwa mphutsi pansi pa miyala khumi yotembenuzidwa pamalo othamanga, ndi utsi wa matope umene umadzuka munthu akapalasa timiyala ndi phazi. Kupimako kuchitike malo omwewo chaka chilichonse, kumtunda ndi kumunsi kwa pamene akufuna kukumba, ndipo zotsatira zake zisungidwe kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi, osati ku maofesi okha.