Mapiri a ku Wicklow ndi aafupi koma musawaderere

Abale anga a ku Dublin, funso lomwe ndimalandira kwambiri pa ntchito yanga yotsogolera anthu oyenda m'mapiri ndi lakuti, kodi tikapuma shifiti tingapite kuti komwe sikudya ndalama zambiri? Ine yankho langa silisintha, County Wicklow, pompano kumwera kwa Dublin. Nyanja zing'onozing'ono, nkhalango ndi gombe la nyanja yamchere zonse zili m'dera limodzi, ndipo malo ambiri mumalowa ulere, mumangolipira basi kapena poimika galimoto.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chimapusitsa ife ochokera kumudzi. Munthu amene anakwerapo Mulanje, komwe Sapitwa amafika mamita 3,002, akamva kuti phiri lalitali ku Wicklow, Lugnaquilla, ndi la mamita 925 okha amati aa kachulu aka. Ayi ndithu. Kuno chovuta si kutalika, ndi mphepo, chinyezi ndi nkhungu yomwe imangotsika ngati chiperoni, dzuwa likuwala bwinobwino kenako pakangotha mphindi 20 simukuonanso mnzanu yemwe ali patsogolo panu, ndiye pamwamba pake palibe mitengo yobisalapo, ndi dambo lokhalokha lonyowa lomwe phazi limatitimira mpaka m'kakolo.

Oyamba kumene ndimawatengera ku Glendalough. Dzinali m'chi Irish limatanthauza chigwa cha nyanja ziwiri, ndipo zilidi ziwiri, yakumunsi ndi yakumtunda. Kevin Woyera anakhazikitsa malo a amonke pamenepa m'zaka za m'ma 500, mpaka lero nsanja yamiyala yozungulira ya mamita pafupifupi 30 idakali chiimire pakati pa manda akale. Njira zoyenda zilipo 9 ndipo iliyonse ili ndi mtundu wake wa muvi pa zikwangwani, inu mumangotsata mtundu womwe mwasankha basi. Ngati muli ndi ana kapena agogo abwera kudzacheza, tengani yobiriwira ija, Green Road, makilomita 3 osakwera kwenikweni, mumadutsa m'nkhalango ya mitengo ya oak mphepete mwa nyanja yakumunsi.

Yomwe ndimaikonda ine ndi ya mivi yoyera, ya Spinc, makilomita 9 ndi kachidutswa. Mumayamba kukwera pambali pa mathithi a Poulanass, thukuta limatuluka pamenepo sindikunamizani, kenako mumatulukira pamwamba pa phompho pomwe anayala matabwa oyendapo kuti anthu asamaponde dambo lija, ndipo mukasuzumira pansi nyanja yakumtunda yagona bii pakati pa mapiri awiri, madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha dothi la m'dambo. Ndaima pamalo amenewo kambirimbiri koma mtima umagundabe. Potsika mumadzera chigwa cha Glenealo, kumene agwape amadya udzu osakuopani n'komwe, mpaka kufika pa mabwinja a mudzi wa anthu omwe ankakumba mtovu kalekale. Ipatseni maola atatu kapena anayi, osathamanga. Matabwa aja akanyowa amaterera, ndipo chonde musachoke panjira kukafuna chithunzi chabwino m'mphepete mwa phompho, anthu amavulala chifukwa cha zimenezi.

Nyanja ya Lough Tay, yomwe anthu amaitcha Guinness Lake chifukwa cha madzi akuda ndi mchenga woyera kumutu kwake, ili m'malo a eni ake ndiye simungatsikireko, mumaionera pamwamba. Pomwepo padutsa Wicklow Way, njira yaitali ya makilomita pafupifupi 130 yochokera ku Marlay Park mu Dublin mpaka ku Clonegal, ndipo mutha kungodulako kagawo kopita ku phiri la Djouce n'kubwerera. Kumeneko mphepo ndi yoopsa, tsiku la nkhungu ine sinditengerako munthu.

Okonda mitengo, Avondale pafupi ndi Rathdrum, kwawo kwa Charles Stewart Parnell, mtsogoleri wandale wa ku Ireland wa m'zaka za m'ma 1800, kuli njira yoyenda pamwamba pa mitengo yomwe inatsegulidwa mu 2022, imeneyo ndi yolipira koma ngakhale njinga ya olumala imayenda. Mathithi a Powerscourt, mamita 121, nawonso ndi olipira pageti.

Za kugombe ndiye zosavuta, kwerani sitima ya DART mutsike ku Bray, muyende m'mbali mwa nyanja kenako mukwere Bray Head kufika pa mtanda womwe anauimika mu 1950, ola limodzi mwafika ndipo Dublin yense ali m'maso. Njira yotchuka ija ya m'phompho yochoka ku Bray kupita ku Greystones, makilomita 7, inatsekedwa mu 2021 nthaka itagumuka, ndiye yambani mwafufuza ngati yatsegulidwa, mukapeza mpanda musadumphe.

Zovala tsopano, apa ndi pomwe ndimalimbana ndi anthu athu. Jini ikanyowa siuma, imakumatani pathupi n'kumakuyamwani kutentha mpaka kunjenjemera. Valani buluku louma msanga, jekete yosalowa madzi, nsapato zamapazi okhakhala, muthumba muikemo madzi, chakudya ndi juzi yapadera. Foni ikhale yodzaza batire ndipo mapu muwasungiretu, netiweki imasowa m'zigwa. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, choncho Spinc muiyambe m'mawa, osati mutadya nkhomaliro. Nyengo yotentha mukafika kunyumba dziyang'aneni m'miyendo ndi m'chiuno ngati mwatenga nkhupakupa, zina zimafalitsa matenda a Lyme, mukaona chizungulire chofiira pakhungu pitani kwa dokotala. Wina akavulala kapena mwasochera imbani 112 kapena 999 munene kuti mukufuna Mountain Rescue, gulu lopulumutsa anthu m'mapiri, ndi anthu ongodzipereka ndipo sakulipiritsani, musachite manyazi kuimba kusanade.