Kuitanitsa achibale kuti akakhazikike ku America: mafunso ndi mayankho

Kodi ndani amaloledwa kuitanitsa wachibale?

Ufuluwu uli ndi nzika za dziko la America komanso anthu amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikolo, chomwe chimadziwika kuti green card. Nzika ikhoza kuitanitsa mwamuna kapena mkazi wake ndi ana ake, ndipo ikakwanitsa zaka 21 ikhozanso kuitanitsa makolo, abale ndi alongo ake. Wa green card amangololedwa kuitanitsa mwamuna kapena mkazi wake ndi ana amene sali pabanja. Zonse zimayamba ndi fomu ya I-130, yomwe imatumizidwa ku bungwe la boma la America loona za anthu olowa m'dzikolo la USCIS pamodzi ndi zikalata zotsimikizira chibalecho.

Ndinalera mwana wa malemu mchemwali wanga kuyambira ali wakhanda. Kodi ndingamuitanitse?

Apa ndi pomwe ambiri amasweka mtima, chifukwa lamulo limaona chibale mopapatiza kusiyana ndi momwe anthu amakhalira. Agogo, amalume, azakhali, asuweni ndi ana a abale anu mulibe m'ndandanda wa oitanitsidwa, ngakhale mutakhala kuti ndinu amene munamuphunzitsa mwanayo kuyenda ndipo mpaka lero amakutchulani kuti amayi. Kuti awerengedwe ngati wanu kudzera pa fomu ya I-130, mwanayo ayenera kukhala ataperekedwa kwa inu mwalamulo ngati mwana wanu asanakwanitse zaka 16, komanso mutakhala naye ndi kumusunga mwalamulo kwa zaka ziwiri. Ndikupemphani ndithu kuti musayese kumulembetsa ngati mwana wobereka nokha, pakuti ofesi ya kazembe ikakayika imatha kupempha umboni wa DNA, ndipo bodza likadziwika lingamutsekere khomo moyo wake wonse.

N'chifukwa chiyani ena amadikira zaka zambirimbiri?

Mwamuna kapena mkazi wa nzika, ana ake osapitirira zaka 20 amene sali pabanja, ndi makolo ake alibe malire a chiwerengero pachaka, choncho amangodikira kuti mapepala awo aunikidwe. Achibale ena onse amagawana ma visa pafupifupi 226,000 pachaka, ndipo palibe dziko lololedwa kutenga oposa 7 pa 100 alionse. Abale ndi alongo a nzika gawo lawo ndi 65,000, n'chifukwa chake amadikira zaka zoposa 15, pomwe ochokera ku Philippines amadikira zaka pafupifupi 20 ndipo a ku Mexico amapitirira zaka 20. Tsiku limene USCIS inalandira fomu yanu ndilo malo anu pamzere, ndipo mwezi ndi mwezi unduna wa America woona za maiko akunja umatulutsa chikalata chotchedwa Visa Bulletin chosonyeza pomwe mzerewo wafika. Dziwaninso kuti mwana wa munthu wa green card akalowa m'banja kholo lake lisanakhale nzika, pempholo limafera pomwepo, ngakhale atakhala kuti wadikira zaka zisanu ndi ziwiri.

Kodi woitanitsa amasenza udindo wanji?

Iye amasaina fomu ya I-864, yomwe ndi pangano lenileni ndi boma loti adzasamalira wachibaleyo. Ayenera kusonyeza kuti amapeza ndalama zofika 125 pa 100 za mlingo wa umphawi umene boma limalengeza chaka chilichonse malinga ndi kukula kwa banja, ndipo zikaperewera, munthu wina akhoza kusaina nawo n'kusenza udindo womwewo. Panganoli limatha wachibaleyo akakhala nzika, akagwira ntchito yowerengeka kwa zaka pafupifupi khumi, akataya chilolezo chake n'kuchoka m'dzikolo, kapena akamwalira. Kutha kwa banja sikulithetsa, moti munthu amene munasudzulana naye akhoza kukusumirani kukhothi kuti muzimuthandiza.

Nanga ngati ukwati wathu ndi watsopano?

Ngati ukwati sunakwanitse zaka ziwiri pa tsiku lolandira chilolezo, green card imakhala ya zaka ziwiri zokha. M'masiku 90 omaliza khadiyo isanathe, awirinu mumatumiza fomu ya I-751 ndi umboni woti mukukhaladi limodzi, monga pangano la lendi lokhala ndi maina anu nonse, akaunti imodzi ya kubanki kapena zikalata za kubadwa kwa ana anu. Ukwati wongopangana pofuna mapepala ndi mlandu umene chilango chake chimafika zaka zisanu kundende, chindapusa cha madola 250,000, kapena zonse ziwiri.